Kulera Anapiye ndi Kuwaphatikiza ku Nkhuku Zapakhomo: Malangizo kwa Oweta a ku Salima

Pamakomo ambiri a ku Salima, kuyambira ku Khombedza mpaka ku Chipoka, thadzi limaswa anapiye khumi kapena kuposerapo, koma pomatha miyezi iwiri limakhala likuyenda ndi atatu kapena anayi okha, eni ake n'kumangoti ndi mmene zimakhalira nkhuku za chikuda. Ambiri mwa anapiye amenewa safa ndi matenda achilendo ayi. Amafa chifukwa chotulutsidwa msanga asanamere nthenga, n'kukakumana ndi mame, akabawi, njala ndi milomo ya nkhuku zikuluzikulu. Malangizo awa akutsata mwanapiye kuyambira tsiku loyamba mpaka pamene adzagone m'khola limodzi ndi nkhuku zakale, ndipo pa sitepe iliyonse chokuuzani kuti nthawi yakwana chikhale thupi la mwanapiyeyo, osati kutopa kwanu ndi ntchito yomusamala.

Musanatenge anapiye

Choyamba ndi kudziwa mtundu wa anapiye omwe mukulera, chifukwa ntchito yake imasiyana. Pali anapiye oswedwa ndi thadzi lanu lomwe, patatha masiku 21 likufungatira mazira. Amenewa ali ndi mayi wowafunditsa ndi kuwateteza. Pali anapiye a tsiku limodzi ochokera ku makina oswera mazira ku Lilongwe, omwe amafika m'makatoni kwa ogulitsa zipangizo zaulimi pa Kamuzu Road. Amenewa mayi wawo ndinu. Palinso nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zomwe boma lakhala likugulitsa zili ndi masabata 6 kuchokera ku mafamu ake a Mikolongwe ku Chiradzulu, Bwemba ku Lilongwe ndi Choma ku Mzuzu. Zimenezi sizifunanso moto, koma zimafunikabe kusungidwa pazokha zisanasakanizidwe ndi zinzake.

Chachiwiri, yang'anani kaye nkhuku zomwe muli nazo kale. Ngati pamudzi pamveka chitopa, chomwe ena amati chideru, kapena ngati m'khola mwanu muli nkhuku yowodzera, yotuluka mamina kapena yotsegula m'mimba zobiriwira, imani kaye, musabweretse anapiye. Chitopa chimavuta kwambiri nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ndipo chikalowa pakhomo posatemera chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa. Temerani nkhuku zakale zonse pasadakhale, muzipatsenso mankhwala a njoka za m'mimba ndi ophera utitiri, pakuti nkhuku yaikulu imatha kuoneka yathanzi pamene ikunyamula tizilombo tomwe mwanapiye sangapirire nato.

Nyengo nayo muiganizire. Miyezi ya Epulo ndi Meyi ndi yabwino kuno kunyanja, chifukwa mvula imakhala italekeza, kutentha kwachepa, ndipo madeya, soya ndi mankhusu a mpunga zimapezeka mosavuta. Mu Juni ndi Julayi mwera umawomba usiku mozizira, choncho makala amalowa ambiri. Mu Januwale ndi Febuluwale vuto ndi chinyontho, makamaka m'madera otsika a m'mbali mwa mitsinje ya Linthipe ndi Lifidzi kumene madzi amadikha.

Kukonza malo ofunditsira

Anapiye opanda mayi amafuna malo awoawo, kutali ndi khola la nkhuku zazikulu. Chipinda chosagonamo anthu, chokhala ndi zenera lolowetsa mpweya, n'chokwanira. Sesani, thirani laimu kapena phulusa pansi, ndipo mutseke mabowo onse a makoswe. Kenaka zungulizani mphasa, makatoni kapena chidutswa cha bolodi chopindika, kutalika kwake pafupifupi theka la mita, kuti malowo akhale ozungulira. Ngodya n'zoopsa chifukwa anapiye akazizidwa kapena akadzidzimuka amaunjikana pangodya, apansi n'kubanika. Bwalo lotambalala mita imodzi limakwanira anapiye pafupifupi 30 pa sabata yoyamba, ndipo muzilikulitsa sabata iliyonse.

Pansi yalani mankhusu a mpunga ouma bwino, okhuthala masentimita 5 kapena kuposerapo. Ife a ku Salima tili ndi mwayi pamenepa, popeza zigayo za mpunga, makamaka cha ku Lifuwu, zimakhala ndi milu ya mankhusu yomwe kawirikawiri imangotenthedwa. Utuchi wosalala kwambiri si wabwino chifukwa anapiye amaudya poganiza kuti ndi chakudya. Masiku atatu oyamba yalani mapepala okhakhala pamwamba pa mankhusu kuti muziwazapo chakudya. Pulasitiki kapena pepala loterera limachititsa miyendo kutang'adza, ndipo mwanapiye wotang'adza kawirikawiri sachira.

Pakati pa bwalolo ikani chotenthetsera. Amene ali ndi magetsi angagwiritse ntchito babu lotentha lolendewera, koma asadalire lokhalo chifukwa magetsi akathima pakati pa usiku anapiye a masiku awiri akhoza kufa kusanache. Njira yodalirika ndi mphika wadothi wokhala ndi makala oyaka bwino, wovundikira pang'ono ndi phale ndi kuukhazika pa njerwa, kapena mbaula yotchingidwa ndi waya kuti anapiye asaigunde. Makala muziyatsira panja, mulowetse akasiya kufuka. Chipinda chisatsekedwe kotheratu, pakuti mpweya wa makala sununkha koma umapha anapiye ndi anthu omwe. Yatsani moto maola angapo anapiye asanafike kuti mankhusu akhale atafunda.

Tsiku loyamba ndi masabata a moto

Anapiye ochokera ku Lilongwe amafika atatopa ndi ludzu la mu minibasi, choncho madzi ndiwo ayambe, chakudya chibwere patatha ola limodzi kapena awiri. Sungunulani supuni imodzi ya shuga mu lita imodzi ya madzi oyera, ndipo mwanapiye aliyense mumugwire n'kuviika nsonga ya mlomo wake m'madzimo musanamuike pansi. Madzi a shuga ndi a tsiku loyamba lokha. Ngati mulibe chomwera chogula, boolani kabowo m'munsi mwa botolo kapena chitini chotsekeka bwino pamwamba n'kuchikhazika m'mbale yosaya, ndipo m'mbalemo muikemo timiyala kuti asamire kapena kunyowa. Madzulo a tsiku lomwelo gwirani anapiye angapo pachifuwa: chithokomiro chodzaza ndi chofewa chikusonyeza kuti apeza chakudya ndi madzi, pamene cholimba chikutanthauza kuti adya koma sakumwa.

Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pamene iwo aima, ndipo muzitsitsa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse mpaka atamera nthenga thupi lonse, cha pa masabata 5 kapena 6. Oweta ambiri alibe choyezera kutentha, ndipo sichofunika kwenikweni chifukwa anapiye amanena okha. Akaunjikana pafupi ndi mphika uku akulira mokweza, azizidwa. Akathawira m'mbali, milomo ili yasa, mapiko atatambasula, atenthedwa. Akaunjikana mbali imodzi yokha, ndiye kuti pali mphepo yomwe ikulowera mbali inayo. Akamwazikana bwalo lonse, ena akudya, ena akugona, kulira kwawo kuli kwapansipansi, zonse zili bwino.

Pano pali kusiyana kwakukulu pakati pa Salima ndi madera okwera monga Dedza kapena Dowa. Mu Okutobala ndi Novembala, chipinda chofoleredwa ndi malata masana chimatentha kuposa mmene anapiye amafunira, ndipo munthu wongotsatira zolembedwa n'kusiya mbaula ili chiyakire amawapha ndi chifundo chake. Nyengo imeneyo chotsani moto dzuwa likakwera, tsegulani mazenera, sinthani madzi kawiri kapena katatu patsiku kuti asafunde, ndipo moto mubwezeretse usiku, makamaka m'bandakucha pamene kumazizira.

Mankhusu onyowa pafupi ndi chomwera muziwachotsa tsiku lomwelo. Chinyontho ndi kutentha zikakumana, tizilombo toyambitsa kamwazi wa nkhuku timaswana msanga. Mudzaona zitosi zamagazi, mapiko ogwa ndi anapiye ongoima mowodzera, kawirikawiri kuyambira sabata yachitatu. Mukaona zimenezi pitani kwa mlangizi wa ziweto kapena kusitolo ya mankhwala a ziweto tsiku lomwelo, ndipo mankhusu onse muwasinthe.

Chakudya

Kwa amene angakwanitse, chick mash, chakudya chogula cha anapiye, ndiye wabwino pa masabata 8 oyamba, chifukwa ali ndi zomanga thupi zokwanira, pafupifupi magawo 18 mpaka 20 pa 100 alionse. Mwanapiye mmodzi amadya pafupifupi makilogalamu 2 pa nthawi yonseyi, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 limakwanira anapiye 25. Werengerani zimenezi musanagule anapiye, chifukwa ambiri amagula anapiye ochuluka ndi ndalama zonse, pa sabata yachitatu n'kuyamba kuwapatsa madeya okhaokha. Madeya amadzaza mimba koma sakuza, ndipo mwanapiye wopinimbira pa mwezi woyamba amavuta kubwerera mwakale.

Mukhoza kusakaniza nokha, poyeza pa sikelo: magawo 5 a mgaiwa, magawo 2 a madeya a chimanga, magawo 2 a soya wokazinga ndi kugaya, gawo limodzi la usipa wouma wosinja. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba, choncho mukazingeni mpaka fungo lauwisi litatha, koma asapserere. Usipa sukuyenera kukhala wapamwamba. Nyenyeswa zotsalira pa matandala a ku Senga Bay kapena pansi pa madengu a ogulitsa pamsika n'zokwanira, bola zikhale zouma, zopanda nkhungu komanso zosathira mchere, popeza mchere wambiri umapha anapiye. Chimanga chofumbwa kapena chachuku musachiyese chakudya cha nkhuku. Chuku chimawononga chiwindi ndipo chimafooketsa mphamvu ya katemera. Madeya a mpunga angalowe pang'ono, koma amavunda msanga kukatentha ndipo nthawi zambiri amakhala osakanikirana ndi mankhusu.

Kuyambira sabata yachiwiri muziwonjezera masamba odula timizeremizere monga bonongwe, chisoso kapena cham'mwamba, komanso chiswe. Chiswe chimakoledwa mosavuta: ikani zinyalala zouma za chimanga ndi ndowe youma mu mphika, wazani madzi pang'ono, vundikirani mphikawo pafupi ndi chulu madzulo, m'mawa mukatenge. Mukayamba kupereka zimenezi ikaninso kambale ka mchenga wokhakhala wa kunyanja, chifukwa nkhuku imagaya chakudya ndi timiyala m'nthutumba.

Chakudya cha nkhuku zoikira, layers mash, musawapatse anapiye ngakhale chitakhala chokhacho chomwe chili m'nyumba. Chili ndi laimu wambiri wopangira zigoba za mazira, ndipo laimu ameneyu amawononga impso za nkhuku yomwe sinayambe kuikira.

Katemera

Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso, amapangidwa ku Lilongwe ndipo amapezeka kudzera kwa alangizi a ziweto ndi otemera a m'midzi. Amaperekedwa kwa nkhuku za msinkhu uliwonse, ngakhale anapiye a masiku ochepa, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Ngakhale amapirira kutentha kuposa akatemera ena, si woyenda naye m'thumba la malaya padzuwa la ku Salima. Mukulungeni m'nsalu yonyowa, akhale pamthunzi, ndipo botolo likatsegulidwa ligwiritsidwe ntchito mwamsanga malinga ndi zolembedwa pa botolopo. Chitetezo chimayamba kugwira patatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye chifukwa chake kutemera lero n'kusakaniza nkhuku mawa n'kosathandiza. Nkhuku yodwala kale siitemeredwa.

Anapiye ogula amafunanso katemera wa matenda a anapiye otchedwa gumboro, yemwe kawirikawiri amaperekedwa m'madzi akumwa cha pa masabata awiri n'kubwerezedwa pambuyo pake. Funsani ndandanda yake pamene mwagula anapiyewo. Madzi osungunulira katemera akhale a pamjigo, osathira mankhwala a klorini, pakuti klorini amapha katemera. Nthomba ya nkhuku, yomwe imatulutsa tinjerewere pa lipombo ndi m'mbali mwa maso, imafalitsidwa ndi udzudzu, ndipo kuno kunyanja udzudzu sitisowa; funsani mlangizi za katemera wake wobaya pa phiko.

Ngati anapiye ali ndi mayi wawo

Thadzi limachepetsa ntchito yonse ya moto, koma lisasiyidwe kuyendayenda ndi ana ake. Litsekereni pamodzi nawo m'kakhola kapena pansi pa dengu lalikulu la nsungwi kwa masabata osachepera anayi, muwapatse chakudya ndi madzi momwemo, ndipo muziwatulutsa mame akauma, wina akuyang'anira. Thadzi lopalasa silidziwa kuti ana ake atopa. Limangopitirira, ofooka n'kutsalira m'maudzu.

Thadzi lomwe lafungatira pafupifupi masabata atatu likhoza kulandira anapiye ogula a tsiku limodzi kapena awiri ngati mwawalowetsa pansi pa mapiko ake usiku kuli mdima, koma m'mawa mwake mukhale pafupi, chifukwa likawakana limawajompha mpaka kupha. Anapiye opitirira masiku atatu kawirikawiri salandiridwa, ndipo nawonso salitsatira.

Kuwazoloweza kunja

Kuyambira sabata yachitatu kapena yachinayi, tsiku lopanda mphepo, tulutsani anapiye kwa ola limodzi kapena awiri pansi pa dengu kapena m'kampanda ka waya kokhala ndi denga, mbali ina padzuwa, mbali ina pamthunzi. Sankhani malo omwe nkhuku zazikulu sizikonda kugonapo, ndipo muzisuntha dengulo tsiku lililonse. Akabawi, mphamba ndi akhwangwala amaukira kuchokera kumwamba, ndipo ukonde wakutha wa asodzi, womangidwa mokoka bwino pamwamba, umawaletsa. Usalendewere pansi chifukwa anapiye amakodwamo. Oyandikana ndi dambo kapena nyanja asamale ng'azi, zomwe zimakumba pansi pa dengu. Nyengo yamvula mdani wa usiku ndi linthumbu, ndipo phulusa lowazidwa mozungulira malo ogona limathandiza kulibweza.

Kuwaphatikiza ku gulu

Apa ndi pamene oweta ambiri amataya ntchito ya miyezi iwiri tsiku limodzi. Nkhuku zili ndi ulamuliro wawo: iliyonse imadziwa yomwe ingaijomphe ndi yomwe iyenera kuipatukira, ndipo mlendo aliyense amayambira pansi. Mwanapiye wolerera m'nyumba sadziwa malamulo amenewa, alibe mayi womuikira kumbuyo, ndipo akathamangitsidwa amangobisa mutu pangodya n'kumajomphedwa. Choncho musawerengere masabata okha. Dikirani mpaka nthenga zitamera thupi lonse kuphatikizapo m'mutu, kulira kwa unapiye kutayamba kusintha, ndipo msinkhu utafika theka la thadzi kapena kuposerapo. Kwa anapiye ambiri zimenezi zimachitika pakati pa masabata 8 ndi 12, ndipo odyetsedwa mosakwanira amachedwerapo. Ogulidwa ali okulirapo, monga a Mikolongwe, asungidwe paokha masabata osachepera awiri kuti muone ngati sanabwere ndi matenda.

Yambani ndi kuonana kopanda kukhudzana. Ikani anapiye m'kampanda ka waya kapena ka mabango pabwalo pomwe nkhuku zakale zimasonkhana, kapena gawani khola ndi waya, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Muzithira chakudya mbali zonse ziwiri za mpandawo nthawi imodzi kuti zizolowere kudya moyang'anizana. Masiku oyamba mathadzi adzazungulira mpanda akutukumula nthenga za m'khosi. Chizindikiro choti mupite patsogolo ndi pamene ayamba kudutsa osawalabadira.

Kenaka atulutseni pamodzi madzulo, kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lilowe, nkhuku zazikulu zitakhuta, ndipo inu mukhale pomwepo. Pabwalo ndi pabwino kuposa m'khola chifukwa wothamangitsidwa ali ndi kothawira. Kampanda kaja katsegukire ndi mipata yoti anapiye alowe koma thadzi lisakwanemo, ndipo chakudya chawo chikhale m'katimo. Ikaninso zodyera ndi zomwera ziwiri kapena zitatu motalikirana, zina kuseri kwa nkhokwe kapena mtolo wa udzu, chifukwa thadzi lankhanza silingalondere malo onse nthawi imodzi. Muzitalikitsa nthawiyi tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu. Atulutseni onse pamodzi. Mwanapiye mmodzi kapena awiri okha pakati pa nkhuku khumi amalandira milomo yonse.

Kujomphana pang'ono ndi kuthamangitsana kwa kanthawi n'kwachibadwa, ndipo mukamalowerera nthawi iliyonse mumangotalikitsa mkangano. Lowererani pamene mwaona magazi, pamene mwanapiye watsekerezedwa pangodya, kapena pamene wina sakufika pa chakudya tsiku lonse. Wovulala achotsedwe mpaka bala litauma, chifukwa nkhuku zikaona chofiira zimajompha pomwepo mosalekeza. Ngati wovutitsa ndi thadzi limodzi, chotsani thadzilo, osati anapiye. Litsekereni palokha masiku atatu kapena anayi, ndipo pobwerera limapeza udindo wake utatsika. Tambala wamkulu kawirikawiri savutitsa anapiye aang'ono, koma amayamba kukwera misoti isanakhwime, ndipo salekerera atambala achichepere akayamba kulira.

Kugona m'khola limodzi kubwere pomalizira. Musanawalowetse, sesani khola, thirani mankhwala a utitiri kapena phulusa m'ming'alu, ndipo onetsetsani kuti malo ndi okwanira: nkhuku zitatu kapena zinayi pa mita imodzi mbali zonse, ndi mtengo wogonapo wopatsa iliyonse masentimita pafupifupi 20. Onjezani mtengo wina wotsikirapo, popeza zakale sizilola zatsopano pa mtengo wapamwamba. Alowetseni usiku kutada, pamene nkhuku siziona bwino ndipo sizimenyana, koma m'mawa mwake mutsegule khola kusanayere kwenikweni, chifukwa nkhondo imayamba pamene kwacha chitseko chili chotseka. Kwa masiku angapo anapiye adzabwerera kumalo awo akale madzulo. Muziwanyamula n'kuwaika m'khola mpaka atazolowera, ndipo malo akalewo muwatseke. Ngati khola ndi lam'mwamba, ikani makwerero osatsetsereka kwambiri. Oleredwa ndi thadzi savuta chotere chifukwa mayi wawo amawalowetsa yekha, koma muwayang'anire sabata yomwe iye wawaleka n'kuyambiranso kuikira, pakuti pamenepo amatsala opanda owateteza.

Gulu likasakanikirana, zonse zidye growers mash, chakudya chogula cha nkhuku zomwe zikukula, kapena chosakaniza chanu chija, chochepetsako usipa, ndipo laimu wa zoikira akhale m'mbale yakeyake: zigoba za nkhono za m'mbali mwa nyanja kapena za mazira, zowotcha ndi kusinja. Mathadzi oikira amadya okha mmene akufunira, misoti siilabadira mpaka itayandikira kuikira, cha pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kwa za Mikolongwe, ndi mochedwerapo kwa za chikuda. Atambala achichepere owonjezera muwagulitse kapena kuwadya asanayambe kumenyana, kuti patsale tambala mmodzi pa mathadzi pafupifupi khumi. Tsiku la katemera wotsatira wa chitopa mulilembe pakhoma la khola, ndipo tsikulo zitemeredwe zonse pamodzi, zakale ndi zatsopano.